Vinyo wokhalitsa: ntchito inali pa kutsegula botolo

Mukapatsidwa botolo la vinyo wofiira wokhalitsa, musathamangire kutsuka matambula. Liimikeni kaye chilili tsiku limodzi kapena awiri kuti nsenga zikhale pansi. Lathu anabwera nalo alamu anga ogwira ntchito ku Cape Town: vinyo wa mtundu wa Pinotage wa 2011, wa pa kamunda kena ka mphesa kufupi ndi tauni ya Paarl ku South Africa komweko, kosatchuka olo pang'ono.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi chotsegulira. Mabotolo oterewa alibe chivindikiro chopotokola, amatsekedwa ndi kamtengo kofewa kamene kamafuna kachitsulo kopota kaja. Ndinazungulira magolosale a pa boma pa Thyolo, aliyense kundipatsa chotsegulira Fanta. Ku Luchenza chimodzimodzi, tsiku lonse lathera pa minibasi. Pa loji ina anali nacho, koma akuti kubwereketsa ayi, botolo libwere komweko ndipo ndilipire K10,000 chifukwa vinyo sindinagule kwa iwo. Yongotsegulira basi! Komanso kulinyamula pa kabaza mpaka kumeneko, nsenga zija sizivunduka? Pomaliza anatibwereka mnansi wina wophika kwa mabwana a ku esiteti ya tiyi.

Kamtengo kaja kakakalamba kamafumbutuka. Kathu kanaduka pakati, zinyenyeswa n'kugwera m'kati. Musataye mtima, sefa ya tiyi yotsuka bwino imathandiza. Thirani pang'onopang'ono mu jagi, mukaona zakuda zafika pakhosi pa botolo, lekani.

Ndaiwala za kutentha. Vinyoyu amafuna madigiri 16 mpaka 18, pamene kuno mu Okutobala ngakhale m'nyumba mumatentha. Mu firiji amazizira mopitirira, fungo n'kubisala. Ife tinaviika botolo mu ndowa ya madzi a pa mjigo, lili chiimire. Ndikubwerezanso, lisagone.

Kukoma kwake? Amene amayembekezera zotsekemera anakhumudwa. Mtundu unali utayamba kupita ku kofiirira, fungo la zipatso zouma ndi fodya wa m'chigafa, ndipo amaumitsa m'kamwa ngati tiyi wokhalitsa mu ketulo wopanda shuga. Ine ndinamukonda pa tambula yachiwiri, ndi nyama ya mbuzi yootcha. Alamu ali kalikiliki kufotokoza kuti mphesa za Pinotage anazipanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, Pinot noir ndi Cinsaut, azakhali anali atathiramo kale Coca-Cola mu tambula yawo.

Malizani usiku womwewo. Wotsala pang'ono tinamulawa mawa lake, anali atayamba kale kusasa.