Mowa wa R8 ku Woodstock

Alamu anga atatsika basi ku Bellville, kuno ku Cape Town, atakhala pampando masiku atatu kuchokera ku Ntcheu, sanafunse za ntchito, ngakhale za mlongo wawo. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kunena kuti, "Alamu, mowa uja mumatijambulira pa WhatsApp umapezeka kuti?"

Ndiyambe ndaulula tchimo langa. Ine ndimasamalira maluwa kwa mzungu wina ku Constantia. Bwanayo ndi munthu wa craft beer, mowa wofulidwa pang'onopang'ono m'timafakitale ting'onoting'ono, wokhala ndi zithunzi za mapiri, mbalame ndi zigaza pabotolo. Lolemba lililonse ndine ndimatulutsa mabotolo opanda kanthu. Ndisanawaponye m'bini ndimayamba ndawandandalika patebulo la pafupi ndi dziwe losambiramo, kuvala magalasi akuda, kenako thwa, chithunzi. Devil's Peak, Jack Black, Darling Brew: kumudzi kwa mkazi wanga aliyense ankadziwa kuti mkamwini wawo amamwa zapamwamba. Chilungamo chake, ndinali ndisanalaweko ndi dontho lomwe. Wanga ndi Black Label wa botolo lalikulu, pakutha pa mwezi, kuseri kwa nyumba ya mnzathu ku Westlake.

Loweruka m'mawa mayi akunyumba anandipatsa R250 ya mayuniti a magetsi ndi ufa. Ndinawerengera mumtima: sitima kupita ndi kubwera, mowa wa R100, yotsalayo ufa wocheperako, ndipo magetsi ndidzanena kuti makina anali osagwira. Ndinatenga alamu, tinakwera sitima pa Steenberg, ulendo wa ku Woodstock.

M'sitimamo ndinawapatsa maphunziro. Ndinawauza zomwe ndinamva kwa bwana, kuti kuno mowa wamtunduwu unayamba ndi Mitchell's ku Knysna mu 1983. Alamu anati zimenezo n'zachibwana, poti ife ku Blantyre tinali kale ndi Carlsberg mu 1968, fakitale yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark. "Mtundu womwe unayamba Green kalekale sungaopsezedwe ndi mowa wa m'galaja," anatero. Ndinavomera ndi mtima wonse. Tinatsika sitima tikuyenda ngati nthumwi za boma.

Malo ake anali nyumba yakale yosungiramo katundu, matanki achitsulo akunyezimira kuseri kwa galasi, mipopi ya mowa khumi ndi iwiri itandandalikana pakauntala. Wogulitsa anali mnyamata wakuda wamtali, wa ndevu zosongoka, wa ndolo kukhutu limodzi. Anatilonjera m'Chingerezi chothamanga, chotulukira m'mphuno. Alamu anandikodola n'kunena mokweza ndithu, poti Chichewa kuno ndani angachimve, kuti, "Taonani ndevuzo, ngati tonde wa a mfumu." Ine ndinawonjezera kuti tonde wa a mfumu ali bwino, amasamba mvula ikagwa. Tinaseka mpaka kugwirana mapewa. Mnyamatayo anangomwetulira.

Tebulo lomwe tinakhalapo linali logwedera. Alamu, pokhala mmisiri wa matabwa, sakanalola zimenezo. Anatenga kapepala kolimba kamene kanali patebulopo, anakapinda kanayi, n'kukalowetsa kunsi kwa mwendo. Tebulo linakhazikika. Ndinawayamikira.

Kenako ndinatembenukira kubolodi lalikulu lakuda la pakhoma. Mayina a mowa analembedwa ndi choko, ndipo dzina lililonse linali ndi manambala awiri kutsogolo kwake. Mzere wapamwamba, pomwe pamalembedwa tanthauzo la manambalawo, unali utaphimbidwa ndi fern wolendewera mumphika, wosadulira kwa chaka chathunthu. Diso langa la ntchito linaona kuti chomeracho chikufuna sizasi, koma mutu wanga sunafunse chimene chabisika kuseri kwake. Nambala yoyamba ndinaizindikira, 4.5, 5, 6.5, imeneyo ndi mphamvu ya mowa. Yachiwiri inali 8, 12, 25, 40, 65. Munthu wanzeru zake angati chiyani? Mtengo, basi.

"Alamu," ndinanong'ona, "azungu amabera anzawo. Onani uyo wa IPA, R65. Koma pansi apo pali wa R8. Chinsinsi cha malo ngati ano n'kudziwa kusankha."

Ndinaloza wa 8, dzina lake Gose, n'kuimika zala ziwiri. Mnyamata wa ndevu anafunsa ngati tingakonde kulawa kaye pang'ono. Ndinakana ndi dzanja, ngati munthu amene wakhala akumwa Gose chibadwire. Ndinkaopanso kuti kulawako kuli ndi mtengo wake.

Anabwera matambula awiri aatali a mowa wotuwa. Ndinakoka fundo limodzi lalikulu. Abale anga, nsagwada zinagwirana. Unali wowawasa ngati bwemba, pamwamba pake mchere, ngati wina watsukira mbale ya usipa m'madzi a mandimu. Misozi inalengeza, koma ndinagwedeza mutu mwaulemu n'kunena kuti, "Eya, ndi womwewo." Ndinkadikira kuti alamu alavule, tinyamuke, ndipulumutse ufa.

Alamu anamwa theka osapuma, anapukuta pakamwa, anayang'ana tambula ija mwachikondi. "Awa ndi masese osefa," anatero. "Masese a tsiku lachitatu, opita kusukulu. Itanitsani ena."

R8 ndi chiyani pamaso pa mlamu? Ndinaitanitsa ena awiri. Tambula yachiwiri inatsika bwino kuposa yoyamba, mwina lilime linali litafa kale. Kenako tinakwera pa 12, mowa wa tirigu wotchedwa Weiss, wa thovu lokwera ngati chipewa cha bishopu. Umenewu unkanunkhira nthochi yakupsa. Alamu anafunafuna nthochiyo ndi chala m'tambula, osaipeza, ndipo anagamula kuti tonde uja wadya yekha kuseri. Anamuuzanso m'Chichewa pomwe ankadutsa. Mnyamatayo anamwetuliranso, nafunsa ngati zonse zili bwino. Ndinati zili bwino kwambiri.

Ndinawerengera pachikhatho: anayi a R8 ndi R32, awiri a R12 ndi R24, zonse R56. Mtima unakula. Ndinayamba kuganiza zoti bwana wanga ndi wopusa, ndipo Lolemba ndikamuphunzitsa kagulidwe ka mowa. Pamzere womaliza wa bolodi panali wina wa mtundu wa ku Belgium, Tripel, mphamvu 9, nambala inayo 25, wogulitsidwa m'botolo lalikulu la 750ml. Botolo lonselo R25! Ngakhale kwathu kuseri kwa nyumba sungapeze zotero. Ndinaimika dzanja ngati bwana wa kampani.

Botolo linafika lili ndi chotsekera cha khokho chomangidwa ndi waya, ngati shampeni ya paukwati. Mnyamata uja analiika patebulo mosamala ngati dzira, anamasula waya, ndipo asanazule chotsekera wina anamuitana kukauntala. Anatiuza kuti tidikire pang'ono, abwera adzatithirire yekha.

Alamu ananyamula botolo kuloza kuwindo. Pansi pake panali nsenga zoyera zitakhazikika.

"Mwaona ulesi wake?" anatero. "Chakudya chonse chili pansi, iye akufuna atithirire madzi okhaokha."

Munthu amene anakulira Chibuku simungamuuze kanthu pa nkhani ya nsenga. Paketi ya Chibuku umayamba waigwedeza, mwambo wake ndi umenewo, n'chifukwa chake anaitcha shake shake. Alamu anagwira botolo ndi manja awiri, chala chachikulu pachotsekera, n'kuyamba ntchito. Anagwedeza cham'mwamba, anagwedeza cham'mbali, anazunguza ngati akupukusa thobwa. Ine, katswiri wa mabotolo opanda kanthu, ndinawauza kuti awonjezere pang'ono, nsenga zina zatsalira pakona.

Atachotsa chala, kunamveka phuu! Mayi wina wachizungu anagwa pansi n'kubisala kunsi kwa tebulo pamodzi ndi galu wake. Chotsekera chinamenya nyale ya pamwamba pa bolodi, nyale inasweka, chigalasi chake chinagwera mumphika wa fern, mphika unapendekeka, unalendewera kamphindi ngati ukuganiza, kenako khuu pansi. Mowa unkatuluka ngati mpopi wa Water Board wophulika. Alamu, posafuna kuti chuma chitayike, anavumata kukamwa kwa botolo. Thovu linatulukira m'mphuno.

Phokoso litatha ndinakweza maso. Bolodi linali poyera tsopano, mzere wapamwamba ukuoneka bwinobwino. Pamwamba pa nambala yoyamba panalembedwa ABV. Pamwamba pa yachiwiri, pomwe ndinkayembekeza chilembo cha R, panali zilembo zitatu: IBU.

Mnyamata wa ndevu anabwera ndi chokolopera. Anawerama, anasolola kapepala kaja kunsi kwa mwendo wa tebulo, anakatambasula bwinobwino n'kukayala patsogolo panga. Unali mndandanda wa mitengo. Gose R65. Weiss R60. Tripel R240. Kenako anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali Chichewa choyera, chokoka pang'ono ngati cha kunyanja.

"Achimwene, zonse pamodzi ndi R620. Nyale ndi mphika tikambirana."

Kukanakhala dzenje pafupi ndikanalowamo ndi nsapato zomwe. Alamu anafunsa ndi mawu aang'ono ngati a mwana wa sukulu ya mkaka kuti, "Kodi kwanu n'kuti, bambo?"

"Ku Nkhata Bay. Tonde wa a mfumu amachokera ku Chintheche."

Ndinamufunsa chifukwa chake sanatichenjeze, pomwe ankamva ndikuwerengera ma R8 anga mokweza. Anati anafuna kutero pa tambula yoyamba, n'chifukwa chake anatipempha kuti tilawe kaye, koma nkhani ya kusamba mvula ikagwa itamveka anaona kuti akuluakulu ngati ife sitifuna malangizo a mbuzi. "Ukayenda siya phazi, achimwene. Inu munasiya mlomo pakhomo pomwe polowera."

Pokolopa anatiphunzitsa, ndipo sukulu yake inali yowawa kuposa mowawo. IBU ndi muyeso wa kuwawa kochokera ku hops, timaluwa tobiriwira tomwe amathira pofulula, tomwe kuno amalima cha ku George. IPA imakhala ndi hops wambiri, n'chifukwa chake nambala yake inali 65, koma mtengo wake unali wocheperapo kuposa Gose wathu. Gose ndi mowa wa ku Germany, amauthira mchere ndi coriander dala, ndipo kuwawasa kwake kumachokera ku tizilombo ta mtundu womwe timasasitsa chambiko. Apa alamu anadzutsa mutu n'kunena kuti ndiye sanalakwe pa nkhani ya masese. Nthochi ya mu Weiss si nthochi, ndi fungo lochokera ku yisiti. Ndipo nsenga za m'botolo lija ndi yisiti wamoyo amene amapitiriza ntchito botolo litatsekedwa kale, mpweya wonse n'kumadzazana m'katimo. Amathira pang'onopang'ono, nsengazo n'kutsala pansi.

Chimene chinandipweteka koposa ndi ichi: kulawa kuja kunali kwaulere. Ukaloza mpopi amakuthirira kafundo kuti uone ngati ukugwirizana nawo. Panalinso thireyi ya timatambula tinayi ta mitundu yosiyanasiyana, ya R90, yomwe tikanagawana awiri, kujambula zithunzi zokwanira chaka chonse, n'kubwerera ndi ufa kunyumba. Zonsezi zinalembedwa pakapepala kamene kanachirikiza tebulo.

M'thumba mwanga munali R220 ndi timakobili. Alamu anati ndisadandaule. Anavula nsapato pakati pa anthu, anavula sokosi, natulutsa mpukutu wa ndalama wonyowa ndi thukuta la masiku atatu a m'basi. Anauyala pakauntala monyadira: ma K5,000 asanu ndi limodzi. Mnyamata wa ku Chintheche anawayang'ana nthawi yaitali, ndikuganiza kuti anakumbuka kwawo, kenako anati makina awo sadziwa kwacha.

Panatsala njira imodzi yokha, yomwe ndinkaizemba. Ndinaimba foni kunyumba. Ndinayamba ndi kufunsa ngati ana adya. Mayi akunyumba anati adya chiyani, ufa uli ndi inu. Ndinafotokoza kuti pachitika ngozi yaing'ono yokhudza achimwene awo. Atamva kuti munthu sanavulale, koma botolo, anakhala chete nthawi yokwanira kuphika ndiwo. R400 inalowa pafoni kuchokera ku ndalama zawo za chipereganyu, pamodzi ndi uthenga wa mawu anayi: "Mubwere ndi lisiti lake."

Za nyale ndi mphika, mwini malo anabwera, mzungu wa kabudula, ndipo atamva kuti ndine wa maluwa nkhani inatha mwachangu. Maloweruka anayi ndinakagwira ntchito kumeneko osalandira kanthu. Ndinabzala fern uja mumphika watsopano, ndinamudulira bwino, n'kumupachika kutali ndi bolodi, pafupi ndi chimbudzi. Tsiku lomaliza wa ku Chintheche anandithirira kafundo ka IPA. Inali yowawa ngati katupe, koma kumapeto kwake kunkamveka ngati manyumwa, ndipo ndinapempha kafundo kena. Anati kulawa n'kamodzi.

Alamu anatenga botolo lija ngati chikumbutso, lili pawindo mpaka lero, mayi akunyumba amasungiramo mafuta ophikira. Usiku wa tsiku la ngoziyo, tili mumdima poti mayuniti anali atatha, ndinawamva akutumiza uthenga wa mawu ku gulu la WhatsApp la kumudzi. Ankafotokoza kuti mowa wa ku Cape Town uli ndi mfuti m'kati, kuti iwo anaugwira ndi pakamwa anthu onse atathawa, ndipo kuti alamu awo ndi munthu wodziwika kwambiri kumeneko moti eni malo awapempha kuti azipitako Loweruka lililonse.