Uthenga wa maliro pa foni

Lachiwiri usiku, Chipata.

Ndangofika kumene kuchokera ku Katete, komwe taika amalume athu aakulu masanawa. Thupi latopa koma tulo palibe.

Amalume anatisiya Lamulungu mbandakucha. Kwathu munthu akamwalira sitiyamba kulira chisawawa. Akuluakulu a pabanja amayamba apita kwa amfumu, nkhuku ili m'manja, kukanena kuti m'mudzi mwagwa zovuta, ndipo mpamene mfuu imamveka. Kwa achibale akutali amatuma munthu wodziwa kuyala nkhani. Amafika, kukhala pansi, kufunsa za moyo, kenako n'kunena kuti matenda aja akula, mpaka womvayo mtima ukhazikike kaye asanamve zenizenizo.

Ulendo uno sizinatero. Mnyamata wina wa pamudzipo anaika chithunzi cha amalume pa WhatsApp dzuwa lisanatuluke. Mwana wawo wamkazi, msuweni wanga amene amagulitsa salaula ku Lusaka, anachiona akumasula belo pamsika. Anakomoka pakati pa anthu osamudziwa, wopanda ndi mmodzi yemwe womugwira dzanja. Zimenezi zandipweteka kuposa china chilichonse sabata ino. Mnyamatayo sanachite mwankhanza, ankawakonda amalume ndipo ndiye ankawapalasa pa njinga kupita nawo kuchipatala. Kungoti palibe anamuuzapo kuti uthenga wa maliro uli ndi mwini wake.

Komatu foni yomweyo ndi imene yatinyamula. Chipepeso cha abale a ku Kitwe ndi ku Ndola chinabwera pa Airtel Money ndi MTN, tinagulira bokosi, ufa ndi nyemba zophikira adzukulu okumba manda. Kale bwenzi tikudikira munthu wokwera basi. Achimwene a ku Johannesburg analephera kubwera, ndiye mlongo wanga anawaimbira pa vidiyo. Anamva amayi a chigwirizano akuimba usiku wonse pa siwa, iwonso akuimba nawo, mawu akudukaduka chifukwa cha netiweki. Ndinaona azakhali atagwira foniyo ndi manja awiri, monga amalandirira mlendo, akuti, "Pepani bambo, limbani mtima kumeneko."

Kumanda amfumu analankhula mosapsa mtima. Anati kuyambira lero palibe woika za maliro pa foni iwo asanauzidwe ndiponso ana a malemu asanaimbiridwe ndi munthu wamkulu. Analetsanso kujambula nkhope ya womwalira. Achinyamata ena anang'ung'udza chapansipansi, koma ine ndagwirizana nawo amfumu. Anyamata omwewa chaka chilichonse mu Ogasiti amapita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba, kwa Kalonga Gawa Undi, n'kujambula gule pabwalo mmene angafunire. Gule Wamkulu anadziwika dziko lonse bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe, litamulemekeza mu 2005, komabe palibe mwa iwo angayerekeze kutulutsa foni kudambwe. Malire amenewo anawaphunzitsa ndipo amawasunga. A pamaliro ndi amene ife akuluakulu tinangoti adziwa okha.

Tisanabalalike tinakhala pansi pa mtengo wa mango ife a mbumba. Tagwirizana kuti zikadzagwanso, azakhali ndi amene aziimbira ana mmodzimmodzi, ndipo gulu lathu la pa WhatsApp lizimva pambuyo. Manambala onse ndawalembera m'kabuku, chifukwa maso awo savutika ndi pepala ngati mmene amavutikira ndi foni. Msuweni wanga watsala kumudzi mpaka tsiku lometa. Ndibwererako Lachisanu nditatenga shuga ndi sopo.