Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Mamota a Pansi pa Mtengo wa Mapeyala

Chiphaso changa cha wailesi yoyankhulirana (amateur radio) chitatuluka ku POTRAZ, bungwe loyang'anira zamtokoma ku Zimbabwe, ine n'kupatsidwa dzina la pamphepo loyamba ndi Z2, mtima wanga unali pa chinthu chimodzi: kumva munthu wa 7Q (chiyambi cha mayina a pamphepo a ku Malawi) akundiyankha kuchokera kumeneko. Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata, anagwira ntchito m'mafamu a fodya, kenako anadzakhazikika mu Salisbury, yomwe lero ndi Harare. Ife tinabadwira ndi kukulira ku Mufakose, ndipo kwawo tinkangokumva m'nkhani zawo za madzulo. Kuchokera ku Harare kukafika ku Dedza, mbalame itauluka mosakhota, ndi makilomita pafupifupi 500. Mtunda wotere bandi ya mamita 40, ya 7 MHz, imaufika bwinobwino masana, bola eriyo, waya woponya ndi kukola mawu a pamphepo, ikhale yabwino.

Vuto linali pa eriyopo. Eriyo ya mtundu wa dipole ya bandi imeneyi imafuna waya wa mamita pafupifupi 20, pomwe bwalo la nyumba za ku Mufakose mukulidziwa. Ndinakoka waya kuchokera pa mtengo wa mapeyala wa kuseri kukafika pa mlongoti wa pakhonde, wautali monga malo anandilolera. Wailesi imafuna kuona ma ohm 50, ndipo waya wangawo sunali kufupi n'komwe. Pamafunika tuner, bokosi la koyilo ndi kapasita logwirizanitsa ziwirizi. Likakhala m'nyumba, wailesi imasangalala, koma chingwe cha coax chopita ku eriyo chimakhalabe ndi SWR (muyeso wa kusagwirizanako, womwe umafunika kukhala pafupi ndi 1) yokwera ndipo mphamvu ina imathera m'njira ngati kutentha. Malo ake enieni ndi patsinde pa eriyo. Koma ndani angamatuluke usiku, mvula ya Januwale ili pamsana, kukapotokola kapasita pansi pa mtengo nthawi iliyonse akasintha bandi? Mpamene nkhani ya mamota inayambira.

Koyilo yoyenda ndi kagudumu pamodzi ndi kapasita ya mapuleti otseguka ndinapatsidwa ndi malume anga, amene anapuma pa ntchito ya zamagetsi kunjanji. Ziwirizi n'zosiyana khalidwe. Kapasita imangozungulira theka, madigiri 180, ndipo ndi yopepuka m'dzanja, koma imafuna kuima pamalo enieni. Ukapitirira pang'ono chabe, SWR yathawa. Koyilo imazungulira kambirimbiri kuti kagudumu kachoke uku kukafika uko, ndipo ndi yolimbirako.

Malume anali ndi maganizo awo kale. Anati, "Mphwanga, usavutike. Pita ku Siyaso ukatenge mota ya waipa ya galimoto. Imeneyo ngakhale chitseko cha garaja imakoka." Zoona, ku Siyaso kuja ku Mbare mamota a waipa ali mbwee, amayenda ndi mavoti 12, ndipo giya yake yam'kati imagwira zolimba magetsi akazima. Ndinaiyesa pa tebulo wailesi ili chiyatsire. Itangoyamba kuzungulira, sipika inadzaza ndi kuthetheka, chifukwa mabulashi a mota yotere amatulutsa tizimoto, ndipo kamoto kalikonse ndi phokoso pa wailesi. Phokosolo limachepa ukamangirira timakapasita ta 100 nF pa mawaya ake. Chimene chinandiopsa ndi mphamvu zake. Kagudumu kakafika kumapeto kwa koyilo mota n'kumakokabe, chothyoka si mota ayi, ndi koyilo ya malume, yomwe sungaipeze m'sitolo iliyonse mu Harare muno. Komanso mota yotere siikuuza pamene yafika. Umayenera kuimangirira potentiometer, kachipangizo kosonyeza mmene yazungulirira, kuti udziwe. Ndinawafotokozera zonsezi mwaulemu. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Chabwino, koma chimene usankhecho chizigwira ngakhale magetsi kulibe." Mawu amenewa ndi amene anatsogolera kusankha kwanga konse.

Servo, timamota ta m'ndege zoseweretsa tija, sindinachedwe nayo. Madigiri ake 180 amafanana ndi a kapasita, koma imadalira chizindikiro chobwera ka 50 pa sekondi, ndipo mphamvu ya wailesi ikalowerera m'waya wautali wopita kumtengo imayamba kunjenjemera. Kapasita yonjenjemera uli pakati poyankhula ndi tsoka.

Ndiye panatsala stepper, mota yoyenda ndi masitepe owerengeka. Ubwino wake ndi woti ilibe mabulashi, ndipo ukawerenga masitepe umadziwa pamene chinthu chaima. Ndinagula mapulinta akale awiri kwa mkulu wina wa pa Siyaso pomwepo, amene makolo ake anachokera ku Mangochi. Atamva Chichewa changa anandichepetsera mtengo, nati, "Achimwene, mukawapeza a kumudziwo muwapatse moni." M'pulinta imodzi munali mota ya msinkhu wa NEMA 17, ya madigiri 1.8 pa sitepe, kutanthauza masitepe 200 pa kuzungulira kamodzi.

Apa mpofunika kufatsa, chifukwa ambiri amangoona kukongola kwa NEMA 17 n'kuimangirira pa kapasita. Theka la kuzungulira ndi masitepe 100 okha. Pa bandi ya mamita 80 mwina zitheka, koma pa ya mamita 20 malo abwino amatha kugwera pakati pa masitepe awiri. Wina anganene kuti dalaivala wa A4988, kabolodi koyendetsa motayo, amagawa sitepe imodzi m'tizigawo 16. N'zoona, koma kuti mota iime pa kachigawo kotero iyenera kumadyabe magetsi nthawi yonse, ndipo dalaivalayo amadula magetsi mothamanga kwambiri, zomwe zimabweretsa mluzu ndi mkokomo m'wailesi. Ukamuzimitsa, mota imadumphira pa sitepe yathunthu yapafupi, ntchito yako yonse yapita. Onjezani pamenepo kuti chinali chaka cha 2019, madzi atatsika ku Kariba, magetsi akuzima mpaka maola 18 patsiku. Siteshoni yanga yonse inkadalira batire imodzi ndi sola yaing'ono. Kupereka ampeya yathunthu kwa mota yongoima, pomwe ana akufuna nyale yowerengera, sindikanavomera.

Pa kapasita ndinasankha kamota konyozeka, 28BYJ-48, ka mavoti 5, komwe kamapezeka m'maphukusi a ophunzira Arduino, kakompyuta kakang'ono kolamulira zipangizo. M'kati mwake muli magiya ochepetsa liwiro pafupifupi ka 64, choncho kuzungulira kamodzi ndi masitepe pafupifupi 2048, ndipo theka la kapasita limagawika malo oposa 1000. Dalaivala wake, ULN2003, amangoyatsa ndi kuzimitsa makoyilo mwakachetechete. Magetsi akachoka, magiyawo amagwira kapasita pamalo pake. Chilema chake ndi kamphako ka pakati pa mano a magiya: ukabwerera m'mbuyo, masitepe angapo amatayika chisanayambe kuyenda chilichonse. Mankhwala ake ndi ophweka. Ndinalemba m'pulogalamu kuti nthawi zonse kazifika pamalo kuchokera mbali imodzi. Ngati kakubwerera, kazipitirira pang'ono kenako n'kudzabwera kutsogolo. Mphamvu zake n'zochepa, motero ndinatsuka ndi kudzoza timipira ta m'kapasita mpaka inayamba kuyenda ndi chala chimodzi.

NEMA 17 inapita ku koyilo, komwe masitepe 200 pa kuzungulira kulikonse ndi okwanira ndi kutsala. Kumeneko ndimaiyendetsa ndi masitepe athunthu, ndipo ikafika Arduino imazimitsa dalaivala kudzera pa phini ya ENABLE. Kulimba kwa kagudumu pa waya wa koyilo n'kokwanira kuti isasunthe yokha. Magetsi ake ndinawachepetsa dala, kuti ikagunda kumapeto izingolira osathyola kanthu. Kumbali imodzi ndinaika kaswichi kosonyeza poyambira, ndipo malo a bandi iliyonse amasungidwa mu EEPROM, mbali ya Arduino yosaiwala ngakhale magetsi atazima. Popeza EEPROM imeneyi imalembedwa kosapitirira pafupifupi 100,000 pamalo amodzi, imalemba pokhapokha mota ikaima.

Chimodzi chimene malume anaumirira, ndipo ndimawathokoza nacho, ndi cholumikizira chosadutsa magetsi pakati pa mota ndi kapasita. Ngakhale pa mawati 100, mapuleti aja amatha kufika mavoti mazanamazana, nthawi zina kupitirira 1000. Anadula kandodo ka fayibagalasi n'kukasema ndi manja awo. Mawaya opita kunyumba tinawakulunga pa mphete za ferrite, zotchinga mphamvu ya wailesi kuti isalowerere m'mawayawo, mbali zonse ziwiri, zonse n'kulowa m'bokosi la pulasitiki lokhala ndi tizibowo pansi totulutsira chinyezi.

Loweruka lina m'mawa, ndili pampando m'nyumba, ndinadina batani la mamita 40. Singano ya SWR inatsika mpaka 1.3, mamota anazima, ndipo phokoso m'sipika silinasinthe ngakhale pang'ono. Ndinaitana CQ, kuitana aliyense amene akumva. Woyamba kuyankha anali wa ZS, ku South Africa, ndipo anati akundimva bwino. Wa 7Q sanapezeke tsiku limenelo, pakuti a wailesi zotere ku Malawi ndi ochepa. Mmene ndinadzamupezera, ndi zimene bambo ananena atamva Chichewa chikutuluka m'sipika, ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.