Nega: liwu lomwe ndinkaliyesa mliri

M'kope langa la Chiheberi, pambali pa liwu loti nega, ndinali nditalemba "mliri" n'kupitirira. Sindinalakwitse kwenikweni, chifukwa pa Eksodo 11:1 liwuli ndilo likuimira tsoka lomaliza limene Mulungu akuti agwetsera Farao. Koma sabata yathayi nditakhala pansi n'kufufuza tsinde lake, ndinafufuta zomwe ndinalembazo.

Nega likuchokera ku mneni woti naga, kutanthauza kukhudza. Mliri wopululutsa anthu uli ndi mayina ake ena: dever ndi uja unapha anthu 70,000 m'masiku a Davide pa 2 Samueli 24, ndipo magefa, lochokera ku mneni wa kukantha, ndi umene unatenga anthu 24,000 pa Numeri 25. Pomwe nega kawirikawiri ndi chipsera chimene chimatsala pamene china chake chakhudza munthu. Ife timati mliri wagwa, malungo andigwira. Mheberi ankati ndakhudzidwa.

Malo amene liwuli ladzaza kwambiri ndi Levitiko 13 ndi 14, mitu imene ambirife timaidumpha. Ine ndinaiwerenga kawiri, pang'onopang'ono, ndikudula mzere paliponse pamene liwuli lapezeka, mpaka tsamba linada. Kumeneko nega ndi banga la pakhungu, la pandevu, la pachovala chaubweya, ngakhale la pakhoma la nyumba. Pamenepo ndinazindikira kuti tsaraati, nthenda yotchulidwa m'mitu imeneyi imene timaimasulira kuti khate, si nthenda yokhayo ija imene kachilombo kake anakapeza Gerhard Hansen ku Bergen mu 1873. Khoma silidwala khate lotero. Aphunzitsi a Chiyuda anaiona nkhaniyi kukhala yaikulu moti mu Mishina, buku lawo la malamulo, muli gawo lathunthu la mitu 14 lotchedwa Negaimu.

Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti wansembe m'mitu imeneyi ntchito yake ndi kuyang'ana. Ayang'ana ngati tsitsi la pabangapo layera, ngati banga lazama kupitirira khungu, amutsekera munthuyo masiku 7, n'kudzayang'ananso. Akapezeka nayo nthendayo, ang'ambe zovala, azifuula kuti ndi wodetsedwa, akakhale yekha kunja kwa msasa. Wokhudzidwa uja palibenso womukhudza.

Ndikuwerenga zimenezi ndinakumbukira azakhali anga atadwala mashingozi. Matuza anawazinga m'nthiti mpaka kumsana, moti bulauzi sankavala, ankangodziphimba ndi chitenje. Obwera kudzawazonda ankaima pakhomo, moni n'kuperekera patali, kapu yawo inkaikidwa payokha pazenera. Inenso ndinali mwana, ndinkawaopa, phala ndinkangolisiya pamkeka n'kuthawa. Salimo 38 likunena zomwezi, ndipo liwu lake ndi lomweli: abwenzi ndi anzanga aima kutali ndi nega wanga, abale anga ataliratu. Vesi imeneyi ndinaiwerenga ndi manyazi.

Komatu mneni yemweyu ali ndi mbali ina. Pa Genesis 32 munthu wolimbana ndi Yakobo uja anamukhudza pantchafu, Yakobo n'kuchokapo akutsimphina, koma ali ndi dzina latsopano ndi dalitso. Pa Yesaya 6:7 khala lamoto linakhudza milomo ya mneneri, kuipa kwake n'kuchotsedwa. Yobu naye akulira kuti anzake amuchitire chifundo poti dzanja la Mulungu lamukhudza. Ndiye pa Yesaya 53:4 pali nagua, wokhudzidwa, ndipo olankhulawo akuvomera kuti anamuweruza molakwa mtumiki wa Mulungu wotchulidwa pamenepo: ankayesa kuti Mulungu ndiye wamulanga, chonsecho zowawazo anasenza zawo.

N'chifukwa chake sindikufunanso kulithamangira liwu loti chilango ndikaona nega. Nthawi zina ndi chilangodi, monga kwa mfumu Uziya kapena kwa Farao pa nkhani ya Sarai. Koma Levitiko 13 yonse safunsa n'komwe kuti munthuyu walakwanji.

M'kope muja tsopano ndalembamo "pokhudzidwa", ndipo pansi pake ndaikapo Marko 1:41, pamene Yesu anatambasula dzanja n'kumukhudza wakhate. Marko analemba m'Chigiriki, ndikudziwa, koma ndinalephera kuisiya vesiyo kunja kwa tsambalo. Loweruka ndikupita kumudzi, azakhali aja akadali moyo.