Zikomo kwa masikauti a ku Lupande

Ndikuthokoza poyera anyamata ndi atsikana amene amasamala njira zoyenda pansi m'dera la nyama zam'thengo la Lupande, kufupi ndi Mfuwe m'chigwa cha Luangwa. Sabata yatha gulu lathu la mpingo, lochokera ku Chipata, linayenda nawo m'thengomo. Maina awo onse sitinawagwire, koma ntchito yawo tinaiona ndi maso.

Mtsikana wina anaima mwadzidzidzi, nagwada, natulutsa waya wa msampha pansi pa chitsamba pomwe ife tinangoona udzu. Anaukulunga m'manja mwakachetechete, naika m'chola momwe munali kale mawaya ena adzimbiri. Anatiuza kuti waya wotere susankha: wotchera amafuna mphala, koma umagwira nyamalikiti, mkango, ngakhale chitamba cha njobvu. Dzuwa la ku chigwa likuswa mtengo, iwo akungoyendabe, madzi awo akugawana ndi agogo athu amene anatopa.

Alendo amatama Norman Carr, amene anayambitsa maulendo oyenda pansi oonera nyama ku Luangwa. Nzoona, koma njirazo zikanatsekeka kalekale popanda ana awa ozilambula mvula ikatha. Makolo amene munawabala, landirani ulemu wathu. Zikomo kwambiri, ana inu, Mulungu akutetezeni m'thengomo.