Ine Ndinangosesa

Popeza mwayamba kundiitana Bambo Ukhondo, ndipo wina wanditumizira chithunzi cha tsache kasanu pa WhatsApp kuyambira m'mawa, lekani ndifotokoze ndekha musanaithire nsinjiro.

Inde, ndinasesa. Sindikukana. Koma amene mukusekanu mukuiwala kuti ine ndinali ku maliro ku Thyolo masabata awiri, kopanda netiweki. Ndafika Lachinayi madzulo, sewero la gulu lathu la zisudzo lili Loweruka, makiyi a holo ali ndi ine, ndipo mphekesera inali yoti kubwera a ku ofesi ya kazembe. Nditatsegula chitseko mtima unagwa. Pa siteji panali malata adzimbiri asanu ndi awiri, neti ya udzudzu yong'ambika, mipando ya pulasitiki yothyoka miyendo, mapesi, ndi mulu wa phulusa pakatikati ngati pamene paphikidwa nsima ya pamaliro. Pansi ponse timatepi toyera tomatidwa mopingasa. Ndinati anyamata a zomangamanga atinyoza.

Ine ndinaleredwa ndi mayi amene ankasesa pabwalo tambala asanalire akangomva kuti kubwera mlendo, ngakhale mlendoyo akhale wodzatenga ngongole. Ndiye ndinavula shati. Phulusa ndinawola, mapesi ndinatentha, timatepi ndinatichotsa kamodzikamodzi ndi mpeni, chogwada. Ndinakolopa, ndinapaka polishi wofiira mpaka ndinkadziona mano. Ndinakabwereka mipando yabwino kutchalitchi, nsalu yoluka ya patebulo, ndi maluwa a pulasitiki kwa amayi a Mvano. Malata ndinapatsa mnyamata wa wilibala, ulere, ndipo anandidalitsa. Ndinagona ngati munthu wopulumutsa dziko.

M'mawa mwake analowa mayi uja wa ku Germany amene gulu lathu likugwira naye ntchito. Iyeyu sachita sewero, salemba sewero. Ntchito yake ndi maonekedwe a siteji basi, ndipo anapita kusukulu kukaphunzira zimenezo. Anaima pakhomo. Sanakuwe, bola akanakuwa. Anangotsegula kabokosi kake kakuda, konga ka nsapato, n'kuyang'ana mkati, n'kuyang'ana siteji, n'kuyang'ananso mkati. Ndinasuzumira. Abale, zinyalala zanga zonse zinali mmenemo, zazing'onozing'ono. Timalata tisanu ndi tiwiri, kaneti kong'ambika, kamulu ka phulusa. Akuti sentimita imodzi m'kabokosimo ndi masentimita 25 pa siteji, ndipo chinthu chilichonse chinali ndi malo ake oyezedwa. Malata aja mayiyo anayenda masabata awiri ku Ndirande ndi ku Limbe akuwasankha limodzilimodzi chifukwa cha mtundu wa dzimbiri lake. Timatepi tija ndi zizindikiro zoimapo ochita sewero kuti nyali iwagwere kumaso, ndipo mnyamata wa nyali anachezera nato usiku utatu.

Tili chiimire, amene amasewera mfumu analowa mothamanga, naponda polishi wanga, ndipo anatuluka mbali inayo atakhala pansi.

Kenaka mayiyo ananena motsitsa mawu kuti zithunzi za siteji imeneyi ankafuna kukazionetsa ku Prague Quadrennial, chionetsero cha okonza masiteji a m'maiko osiyanasiyana chimene chimachitika zaka zinayi zilizonse kuyambira 1967. Ndiye kuti ine, mwana wa ku Chilomoni, ndinapereka kwa wa wilibala dzimbiri lopita ku Ulaya.

Asanu ndi limodzi tinawapeza kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo mkuluyo atangoona mzungu m'galimoto anatiuza mtengo woposa wa malata atsopano. Lachisanu ndi chiwiri ndiye linali nkhani. Limenelo linali ndi chibowo chachitali chonga mapu a nyanja ya Malawi, ndipo kumapeto kwa sewero kuwala kumayenera kudutsira pamenepo. Popanda ilo, akuti, sewero lilibe mathero. Tinalilondola mpaka ku Mbayani, kumene linali litasanduka chitseko cha bafa.

Ndipo m'bafamo munali munthu.

Taganizani. Dzuwa lili paliwombo, ine ndaima pabwalo la eni ndasenza lata latsopano longongola ku hadiweya, likuwala ngati galasi, ndikuti, "Odi kuno amayi, ndimati tisinthane chitseko." Mayi wa pakhomo anaika mwana pansi. "Achimwene, mukufuna mutipatse latsopano, mutenge ladzimbiri?" Ndinati eya. "Lobowokali?" Ndinati makamaka chifukwa cha chibowocho. Anabwerera m'mbuyo masitepe awiri n'kuitana aneba. Posakhalitsa bwalo linadzaza. Wina anati ndi zija za simbi zakale za makala zimene ankati zili ndi mankhwala a mamiliyoni. Gogo wina anati ayi, izi ndi zizimba, onani maso akewo. Ine ndikufotokoza za Prague, mawu akuti Quadrennial akundikanirira pakhosi, ndipo ndikamalitchula kwambiri m'pamene linkamveka ngati dzina la chiwanda.

Nthawi yonseyi bambo wa m'bafa sanasiye kuimba nyimbo ya kwaya, kwinaku akukwecha zidendene ndi mwala. Kenaka nyimbo inaduka. Pa chibowo chija, chakumpoto cha ku Karonga, panatulukira diso. Diso limodzi lofiira ndi sopo. Linandiyang'ana ine, linayang'ana lata latsopano, linabwereranso kwa ine. Sindikunama, tinayang'anizana nthawi yokwanira kuphika nyemba. Ndiye diso lija linayankhula: "Akulu, muonjezerepo ya sopo." Ndinavomera. "Ndi ya misomali." Ndinavomera. "Ndipo mudikire, sindinasambe kumsana."

Ndinadikira, lata lili pamutu, ana akundizungulira.

Tsono musanandiweruze, kumbukirani kumene tachokera. Ife tinakulira pa zisudzo za tebulo limodzi ndi mipando iwiri. Tinkakhamukira ku French Cultural Centre kukaonera a Du Chisiza Jnr ndi Wakhumbata, ndipo potuluka tinkakambirana mawu, osati dzimbiri. A Izeki ndi a Jakobo ankagwetsa holo yonse ndi phwete popanda kabokosi. Sindikuti za mayiyu n'zachabe, ayi. Loweruka kuwala kutadutsa pa chibowo chija n'kugwera pa phulusa, holo inati zii, inenso tsitsi linandiima. Koma munthu akakonza zinyalala zadala, alembepo kapepala. Kapepala kokha. Akuti ananena pa gulu la WhatsApp, koma unali uthenga wa mawu wa mphindi 9, m'Chingerezi, ine bandulo itatha.

Phulusa ndinakapempha m'mbaula za aneba nyumba zisanu ndi imodzi. Mayiyo analipukusa ndi zala n'kunena kuti layera kwambiri kuposa loyamba lija. Sindinayankhe.

Maluwa a amayi a Mvano sindikudziwa amene anawatenga. Ngati ndi mmodzi wa inu, akuwafuna Lamulungu.