Kokasaka akalulu ndi agalu a lurcher ku Wensleydale

Sitima yochokera ku Leeds kupita ku Carlisle, kumpoto kwa England, ikangodutsa tauni ya Settle imayamba kukwera mtunda. Nyumba zimachepa, mitengo n'kutha, n'kutsala mapiri a udzu okhaokha ndi nkhosa, minda yonse itagawidwa ndi makoma a miyala yongosanjikiza popanda simenti. Tinawoloka mlatho wautali wa Ribblehead, ine n'kukatsikira pa siteshoni ya Garsdale. Pasiteshonipo anaimikapo chifanizo cha galu wa mtundu wa collie, dzina lake Ruswarp. M'zaka za m'ma 1980, kampani ya boma ya sitima ya British Rail itafuna kutseka njanjiyi, anthu anasaina chikalata chokana, ndipo galuyu naye anadindapo phazi lake chifukwa ankamulipirira tikiti ngati wapaulendo wina aliyense. Njanji inapulumuka mu 1989. Dera lake ndi lotero, galu amawerengeredwa pagulu.

Anandiitana ndi bambo wina wachikulire amene tinadziwana kuntchito asanapume. Amakhala kufupi ndi tauni ya Hawes, m'chigwa cha Wensleydale, ndipo alimi a m'deralo amawadalira pochepetsa akalulu m'minda. Munali mu Novembala, chisanu chili chobaya m'mafupa.

Agalu awo awiri anandilandira pakhomo osauwa n'komwe. Wamkulu anali wamkazi, wamiyendo itali-itali, chifuwa chozama, mimba yoloweratu m'kati. Mnzakeyo anali wamfupi, waubweya wanyankhalala wotuwa, ndevu zili pachibwano. Onsewo ndi a lurcher, ngakhale kuti sakufanana. Lurcher si mtundu wokhala ndi kaundula ayi. Amatenga galu wothamanga wosaka ndi maso, monga greyhound, whippet, saluki kapena deerhound, n'kumukweretsa ndi galu wantchito, monga collie woweta nkhosa kapena terrier. Wamkuluyo anabadwa kwa greyhound ndi collie. Wandevuyo ndi wa whippet ndi Bedlington terrier, mtundu umene unatenga dzina la tauni ya migodi ya malasha ku Northumberland. Kwa greyhound amafunako liwiro, poti amafika pafupifupi makilomita 70 pa ola. Kwa collie amafunako nzeru, mphuno, ndi mapazi olimba oti sathyokathyoka pamiyala.

Tisananyamuke m'mawa mwake, anaika kalata ya mwini munda m'thumba la jekete. Kuno nkhani ya chilolezo si yocheza nayo. Lamulo la Hunting Act la 2004, limene linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2005, linaletsa kusaka nyama zakutchire ndi agalu ku England ndi Wales, koma linasiyako akalulu okumba mauna ndi makoswe, bola mwini malo avomereze. Kalulu wina uja wamkulu, wamakutu ataliatali, amene sakumba una koma amangogona pamtetete, Angerezi amati hare, ndi woletsedwa kumuthamangitsa ndi agalu. Mpikisano wotchuka wothamangitsa ma hare ndi agalu wa Waterloo Cup, umene unkachitikira ku Altcar ku Lancashire, unathera pomwepo mu 2005. Alipobe ena amene amalowa m'minda ya eni ndi magalimoto, makamaka ku zigwa za Lincolnshire, kukathamangitsa ma hare n'kumabetcherana ndalama, ndipo chifukwa cha iwowa aliyense woyenda ndi lurcher amayang'anidwa ndi diso lokayika. Bambowa zimawapweteka kwambiri zimenezi.

Chodabwitsa n'chakuti lamulo lina lakale, Pests Act la 1954, limakakamiza eni minda kuchepetsa akalulu. Amadya msipu wa nkhosa, ndipo mauna awo amagwetsa makoma a miyala aja. Matenda a myxomatosis atafika mu 1953 anapha akalulu pafupifupi 99 pa 100 alionse, koma otsalawo anaswananso. Masiku ano kuli matenda ena otaya magazi m'kati amene awachepetsa m'madera ambiri, moti bambowa akuti malo ena amene kale ankagwirako ochuluka, pano sapitako dala.

Kusakako sikunali kwa phokoso. Tinayenda m'mbali mwa khoma, galu wamkulu uja ali patsogolo, akununkhiza una uliwonse. Ena ankangowadutsa. Atafika pa chitsinde cha mtengo wina waminga anaima chilili, mutu wapendekeka, n'kutembenuka kuyang'ana mbuye wake. Basi, muli akalulu mmenemo. Bambowa anandinong'oneza kuti, "Galu wonama amakutayitsa tsiku lonse, uyu sananamepo. Pondani pang'onopang'ono achimwene, pansipa akumva."

Tinatchera timaukonde pakamwa pa una uliwonse, kalikonse ndi chikhomo chake. Kenako anatulutsa m'kabokosi kanyama kotchedwa ferret, kathupi lalitali lopyapyala ngati likongwe, atakaveka kolala yokhala ndi kachipangizo kosonyeza pamene kali pansi pa nthaka. Kanalowa. Panapita kanthawi kuli zii, kenako pansi panamveka kugunda, kalulu n'kutulukira mu ukonde, ukonde n'kudzimanga wokha. Anamutola n'kumuthyola khosi nthawi yomweyo. Ntchito ya agalu imaoneka kalulu akatulukira pa una wobisika muudzu umene sitinauone, kapena akapulumuka mu ukonde. Wandevu uja anali atakhala phee pamwamba pa chulu cha mauna, makutu ali chire. Kalulu atangoti fwamphu, sanathe ngakhale mamita 20. Galuyo anabwera naye ali wamoyo, wopanda bala, n'kumupereka m'manja. Wolumidwalumidwa sagulika kubutchala, n'chifukwa chake amawaphunzitsa kugwira mofewa.

Ine chimene chinandigwira mtima si liwirolo. Ndi zimene agaluwa sankachita. Nkhosa zinkadutsa pafupi, iwo osacheuka. Ferret inatuluka pa una n'kudutsa pamphuno pa galu, galu osaigwira. Ukonde wokhala ndi kalulu sankaung'amba. Zonsezi amaphunzira ali aang'ono, kudyera m'mbale imodzi ndi ma ferret, kuyenda pakati pa nkhosa ali pachingwe mpaka zitasiya kuwasangalatsa. Galu woluma nkhosa mlimi akhoza kumuwombera, ndipo chilolezo chimene munthu wachipeza patatha zaka chimatha tsiku lomwelo. Anthu ogula agaluwa poona mavidiyo a pa Facebook amangofunsa za liwiro, pamene pa una liwiro limafunika kwa masekondi ochepa chabe.

Nyengo yake imayamba cha mu Seputembala n'kutha cha mu Malichi. Ikadutsa apo akalulu amakhala ndi ana m'mauna, ferret imapha anawo n'kugona pansi pomwepo, iwe n'kuyamba kukumba ndi fosholo. Ena amasakanso usiku ndi tochi yamphamvu, makamaka kukakhala mdima ndi mphepo, koma bambowa anasiya chifukwa cha waya waminga. Khungu la agaluwa ndi lopyapyala, limang'ambika msanga.

Titabwerera, agalu ndiwo anayamba kusamalidwa, ife tiyi pambuyo. Anawasambitsa mapazi m'madzi ofunda a mchere, kuyang'ana pakati pa zala, kuona zikhadabo, kusisita minofu ya m'miyendo kufufuza potupa. Kudya kunabwera atapuma kaye. M'mawa wa tsiku losaka sawapatsa chakudya chambiri, chifukwa galu wa chifuwa chozama akathamanga atakhuta chifu chimatha kupotokola, ndipo akapanda kufika msanga kwa dokotala wa ziweto amafa. Chakudya chawo ndi chifu cha ng'ombe chosatsuka, chimene fungo lake linandithamangitsa m'khitchini, mafupa a nkhuku osaphika, nyama ya nkhosa yamafuta m'nyengo yozizira, masamba pang'ono, ndi chakudya chouma cha m'matumba. Mafupa ophika sawapatsa poti amasweka mosongoka. Nyama ya kalulu payokha ilibe mafuta okwanira galu wantchito, komanso matumbo ake amakhala ndi njoka za m'mimba, choncho amayamba aiumitsa mufiriji, ndipo mankhwala a njoka sadumphitsa. Agaluwa agona m'nyumba, pafupi ndi moto. Alibe mafuta m'thupi oti n'kupirira nawo chisanu cha kumapiri kuno.

Ndinafunsa ngati wamkazi uja anaberekapo. Anati kamodzi kokha, ndipo anadikira mpaka atamuona akugwira ntchito nyengo zingapo. Kwa iwo galu wosayesedwa kutchire sayenera kukweretsedwa, kaya akhale wokongola bwanji, ndipo wamwamunayo amafuna atamuona ndi maso awo akusaka, osati kungomva mbiri. Bere limatenga masiku pafupifupi 63, ndipo galu wamkulu chotere amatha kuswa ana asanu ndi atatu kapena kuposa. Vuto lili pamenepo. Iwe ukufunapo mmodzi, enawo apita kuti? Iwo anayamba apeza anthu owatenga asanakweretse n'komwe. Lamulo silola ochita malonda a agalu kugulitsa kagalu kosakwana milungu 8, ndipo kuyambira mu 2016 galu aliyense ayenera kuikidwa kachipangizo ka microchip kosonyeza mwini wake. Ngakhale zili choncho, malo osungirako agalu otayidwa ku Britain ndi Ireland adzaza ndi a lurcher, ambiri mwa iwo otayidwa atavulala mwendo kapena atalephera kusaka. Pamenepa ndinaona kuti alenje ena sangathawe mlandu, ndipo bambowa sanawaikire kumbuyo.

Madzulo tinatumbula akalulu athu. Ena anakawasiya kubutchala ku Hawes, ena n'kusungira ma ferret, awiri n'kundikulungira m'pepala. Wopita kumeneko osakhala ndi galimoto adziwe kuti pali kabasi koyera kamene kamalumikiza Hawes ndi siteshoni ya Garsdale, koma maulendo ake ndi ochepa, ndiye funsiranitu nthawi musanatsike phiri.